Tokeni

Mwatitha wabwera ndi mawu kuchokera kusukulu,
wawakulunga m'kope ngati kanyenya wa m'nyuzi.
Akuti: Amayi, tokeni n'chiyani?
Aphunzitsi akufuna matanthauzo atatu pofika mawa.

Ndikuti dikira kaye, magetsi atha.
Ndikudina manambala makumi awiri pa kabokosi ka pakhoma,
koyamba ndaphonya, kachiwiri babu layaka.
Lemba limenelo, ndikumuuza.
Tokeni ndi ndalama yovula malaya
n'kusanduka manambala kuti ikwane m'waya.

Lachiwiri ukalione wekha pa Chinkhoma,
m'chisakasa cha Gelesomu momwe anyamata amasewera pulu.
Kachitsulo kozungulira, kopanda nkhope, kopanda tambala.
Ukakaponya m'kamwa mwa tebulo mipira imagubuduka yonse,
koma pita nako kwa mayi wa zitumbuwa
ukaone m'mene akakusekere.

Lachitatu sindikulinena msanga.
Ndayamba ndatsukanso mbale zotsuka kale.

Agogo ako a Namakhwa anachoka ku Phalombe pa lole
madzi atatsika m'phiri ndi miyala,
kudzalima fodya pa esiteti kuseri kwa Lisasadzi.
Kumeneko mwezi ukatha kunalibe malipiro.
Kunali kalaliki, a Zgambo, cholembera chili kukhutu,
ndi timakadi tachikasu todindidwa tsamba.
Kena ndowa ya chimanga.
Kena mchere, sopo wodula ndi mpeni,
palafini wa m'botolo la mankhwala a chifuwa.
Tinkagula m'sitolo imodzi yokha, ya mwini munda,
momwe mitengo ya zinthu inkamera usiku ngati bowa.
Kunja kwa geti timakadito tinali mapepala basi.

Tsiku lomwe mlongo wanga Sitefano anatentha thupi
bambo anatenga tisanu ndi tiwiri, ulendo wa kumsewu.
Woyendetsa matola anatembenuza kamodzi uku ndi uku
n'kufunsa ngati galimoto imamwa chidindo.
Anam'bereka mwanayo. Kutalika kwake sindikukudziwa.
Anabwerako m'mawa atam'berekabe
koma nsalu itafika mpaka kumutu.

Fodya atagulitsidwa a Zgambo anatsegula buku,
anawerenga kadi iliyonse yomwe tinadya chichokere Okutobala,
kuchotsera, kuchotsera, kunyambita chala, kuchotsera,
mpaka chotsala chinakwana m'dzanja la mwana.
Bwana anasanjikapo kawailesi kopanda mabatire
n'kunena m'Chingerezi chake kuti ndi tokeni yothokozera.
Apo m'pomwe ndinawamva koyamba mawu akowa,
ndili msinkhu wakowu, nditakhala pa sikelo ya mabelo,
singano ikunjenjemera pa kulemera kwanga.

Bambo anasunga timakadi tisanu ndi tiwiri tija
m'kachitini ka polishi wa nsapato,
iwo amene nsapato analibe.
Esiteti inagulitsidwa, sitolo ija lero ndi khola la nkhumba,
chidindo kaya chinathera m'thumba la yani.
A Zgambo ndinakumana nawo chaka chatha pa depoti,
akugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera yong'ambika.
Tinapatsana moni. Anandibwezera chenje chokwanira.
Kachitini kali m'sutikesi mwanga,
pansi pa bulauzi yoyera ya Chigwirizano.

Mwatitha wagwira pensulo, akuluma kumapeto kwake.
Akuti: ndilembe chiyani tsono, poti mzere watsala umodzi?
Lemba kuti chinthu choima m'malo mwa chinzake,
ngati mwala womwe timasiya pa mzere wa pachigayo
kuti usungire malo mwini wake.
Mwini akabwera, mwala timautaya kumbali.

Nanga akapanda kubwera?

Ndikuyang'ana kabokosi ka pakhoma,
kayamba kale kuphethira diso lofiira.
Akapanda kubwera ndi mwala basi, mwanawe.
Lemba msanga,
ndagula a wani sauzande okha.